Batire la Naini

Mita yanga inandinamiza Lachiwiri.
Ndinali kwa Fanuwelo wometa, kuseri kwa depoti ya Luchenza,
nthambo yofiira uku, yakuda uku,
galasi n'kulemba fotini.
Ndinati, achimwene, batire lanu la sola likadali mnyamata,
metani mpaka usiku.
Dzuwa lisanapendeke makina anazima
pakati pa mutu wa mphunzitsi wina,
mbali iyi mpala, mbali inayo thengo.

Pakona pa galasi kachizindikiro kankaphethira
kuyambira chiperoni cha mu Juni.
Ndinkakaona.
Ndinkati mawa.

A Mulekano, amene anandisiyira mitayi
atapuma ntchito ku fakitale ya tiyi,
ankati ikamva njala sigona ayi, imakokomeza,
mboni yanjala imanena zimene ukufuna kumva.
Ine ndinkaseka, manja ali m'wayilesi ya eni.

Usiku ndinaigoneka chafufumimba pamkeka.
Kasikuluwu kamodzi, kodyeka mutu,
ndinakamasula ndi nsonga ya mpeni.
M'kati batire litatupa,
mchere woyera utaunjikana kukamwa kwake
ngati mwana wogona osasukusula.

Tsiku la msika ndinaima pathebulo la Gilivazio,
pakati pa maloko, guluu ndi mankhwala a makoswe.
Anandiyalira atatu.

Loyamba linalowera pa Muloza, pa njinga,
mtengo wake wa nthochi phava limodzi.
M'manja mopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu,
deti lake wina anapala ndi chikhadabo.
Lachiwiri akuti limachajidwa,
ukaligula wagula mpaka kale,
koma chaja yake ili ku Limbe
ndipo magetsi kwathu amabwera ngati mlamu wangongole.
Lachitatu anachita kulitulutsa m'thumba la malaya,
likadali m'pepala lake,
lolemera, losalankhula zambiri.
Atatchula mtengo ndinaona ndiwo za masiku anayi
zikukwera kabaza, kundibayibitsa.

Mukukayika chiyani mlongo, anatero,
si muli ndi mita? Yezani!

Ndinaseka mpaka mayi wogulitsa mapeyala anacheuka.
Mita imeneyi yayeza mabatire a Thyolo yense,
a galimoto, a tochi, a sola za m'matchalitchi,
koma lake lomwe siingaliyeze.
Ukalichotsa kuti ilione, maso ake amazima.
Fanuwelo naye nkhongo yake amameta ndi wina.

Ndiye ndinachita zimene a Mulekano ankachita
akaona kuti bwana sakuyang'ana:
ndinagunditsa timitu tiwirito palilime.
Lopepuka lija linangondinyambita,
mwaulemu, ngati likupepesa.
Lolemera linaluma.
Misozi inalengeza, malovu n'kukoma chitsulo.

Ndinawerenga ndalama kawiri,
ngati kuti kachiwiriko ziswana.
Gilivazio anakana kuchotsako ngakhale handiredi.

Pakhonde la sitolo ndinapala dzimbiri pa timano ta mita,
n'kulemba tsiku ndi mwezi pa batire ndi msomali,
kuti mawa langa lija lidzakhale ndi malire.
Nditatseka, galasi linadzuka loyera,
ziro atatu ali ndondondo,
osaphethira.

Ndinabwerera kwa Fanuwelo wapansi.
Sanandipatse mpando.
Yofiira uku, yakuda uku.
Leveni, ndi timanambala tiwiri totsalira m'mbuyo.
Ndinati, achimwene, batire lanu ndi nkhalamba,
ndipo wabodza Lachiwiri lija ndinali ine,
mitayi inangondithandiza.

Anayang'ana galasi nthawi yaitali,
ngati likhoza kusintha maganizo.
Kenako anakoka benchi ndi phazi.
Khalani, anatero, mundiuze latsopano ndi zingati.

Panja mphunzitsi uja ankadutsa
atavala chipewa cha ubweya,
dzuwa la Okutobala lili pamutu.